Kadzalidwe ka maluwa a allium pakhomo

Mwafunsa momwe mungadzalire allium wokongoletsa pakhomo. Ndi m'bale wake wa anyezi ndi adyo, ndipo amadzalidwa ndi mitu. Konzani mitu yolimba yopanda nkhungu, khasu, manyowa owolerana, mchenga ndi malo owomba dzuwa maola 6 patsiku.

1. Dzalani nyengo yozizira ikamayandikira. Mituyi imafuna kugona m'nthaka yozizira milungu ingapo kuti idzachite maluwa.

2. Gaulani nthaka, sakanizani manyowa. Ngati dothi ndi lamakande, thirani mchenga kapena kwezani bedi.

3. Kumbani dzenje lakuya katatu kutalika kwa mutuwo. Nsonga iloze kumwamba.

4. Mitundu ikuluikulu ngati Allium giganteum, yomwe imatha kufika mita imodzi ndi theka, italikirane masentimita 20 mpaka 30. Ing'onoing'ono, 10 akwana.

5. Kwirirani, thirirani kamodzi, kenako dikirani dothi liume pamwamba. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathirira tsiku ndi tsiku ngati ndiwo zamasamba, mitu n'kuwolera pansi osamera. Pamalo podikha madzi musayese n'komwe.

6. Maluwa akamatuluka, masamba amayamba chikasu. Si matenda ayi. Musawadule mpaka atauma okha, chifukwa ndiwo akudyetsa mutu wa chaka chamawa. Ine ndimawabisa podzala maluwa aafupi kutsogolo kwake.

7. Pakatha zaka 3 kapena 4, fukulani mitu yothithikana, igaweni ndi kuidzalanso.