Moto wa osaka mbewa ukutimalizira paini

Mwezi uno wa Seputembala ndayendera minda itatu ya paini m'boma la Chadiza ku Zambia, ndipo monsemo ndapeza mitengo itada ngati makala, pansi pali phulusa lokhalokha. Gwero lake ndi limodzi: anthu akutentha tchire pofuna kukumba mbewa, pamene eni minda sanalambule m'mbali mwa mitengo yawo. Zimandiwawa mtima chifukwa chaka chilichonse timanena zomwezi pabwalo la mfumu, anthu n'kuwomba m'manja, koma mphepo ya Ogasiti ikayamba machesi amakhala ali kale m'thumba.

Paini sali ngati mombo kapena msuku, imene imapsa chilimwe n'kuphukiranso mvula ikagwa. Masamba ake onga singano amaunjikana pansi chaka ndi chaka, ndipo thunthu lake lili ndi utomoni umene umayaka ngati parafini, kotero kuti moto ukalowa m'munda wosadulira nthambi umakwera mpaka kunsonga. Bulugamu akapsa amaphukira pachitsa, koma paini wambiri akafa ndiye kuti wapita. Mtengo umene mwiniwake amaudikira zaka 20 kapena kuposerapo kuti achekemo matabwa umatha masana amodzi.

Bambo wina wa kufupi ndi phanga la Kalemba anandigwira dzanja n'kundionetsa mizere imene anabzala mwana wake woyamba atangobadwa. "Alangizi, malata a nyumba ya mwanayu anali m'mitengomu," anatero akupukuta mwaye m'zikhatho. Anyamata amene anayatsa motowo anabwerako ndi mbewa zosadzaza n'kambale komwe.

Moto womwewu umakwera m'mapiri momwe muli mapanga a zojambula zakale, monga Kalemba yemweyo ndi Thandwe kufupi ndi Chipata. Zithunzi zofiira ndi zoyera za pamathanthwe amenewa zili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma losamalira malo a mbiri yakale, koma bungwe silingaletse utsi kudetsa thanthwe kapena kutentha kulisendula, ndipo zimene makolo anajambula palibe angazibwezerepo.

Chaka chamawa lambulani njira yotakata kuzungulira munda wonse m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, ndipo dulirani nthambi zam'munsi n'kuzitulutsa m'mundamo. Ngati pafunika kutentha m'mbali, chitani madzulo mphepo itadekha, muli anthu angapo ndi nthambi zaziwisi zozimitsira, mutafunsa kaye ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu.