Kugula galimoto yamakedzana: manambala, blue book ndi kasungidwe ka mapepala ake

Land Rover ya Series III imene yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka khumi ikhoza kudzukanso. Injini yake ya malita 2.25 ndi yosavuta kukonza, bodi ndi ya aluminiyamu yosagwira dzimbiri, ndipo makaniko wodziwa ntchito nthawi zambiri amailiza ndi batire yatsopano, mafuta oyera ndi mapulagi anayi. Koma mapepala makaniko sangawotcherere. Galimoto yopanda blue book, kapena imene ikuyendera blue book ya inzake, mudzaigulitsa ngati masipeya basi, ngakhale mutaipenta mpaka kuwala. Ndiye musanafunse mtengo, musanalize n'komwe injini, yambani ndi manambala.

Tengani tochi, palafini pang'ono, kansanza, burashi ya waya yofewa, pensulo ndi pepala loyera. Pa Land Rover za Series II, IIA ndi III nambala ya chasisi imakhala malo awiri: pa kachitsulo kopyapyala kokhomedwa pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, komanso yodindidwa pa chasisi penipeni, kutsogolo kumanja, pa chitsulo chogwira sipuling'i. Pa Volkswagen Beetle nyamulani mpando wakumbuyo, nambala ili pa msana wa chitsulo umene wadutsa pakati pa galimoto, ndipo kachitsulo kake kali kutsogolo, kuseri kwa tayala lapadera. Pukutani ndi palafini, kwechani pang'onopang'ono ndi burashi. Musagwiritse galainda kapena sandipepa: manambalawa sanazame kwenikweni, ndipo mukangowafafaniza mwadzipangira mlandu nokha, chifukwa wapolisi akaona chitsulo chopalidwa pamenepo amaganiza za kuba. Mukatsuka, ikani pepala pamwamba n'kupaka pensulo mopendeketsa kuti manambala atuluke pa pepalalo. Jambulaninso ndi foni, tochi ikuwala chapambali.

Manambala atatu ayenera kugwirizana chilembo ndi chilembo: ya pa chasisi, ya pa kachitsulo, ndi ya mu blue book. Yodalirika kwambiri ndi yodindidwa pa chasisi, popeza kachitsulo aliyense akhoza kukazula pa galimoto ina n'kukakhomera. Yang'anitsitsani timisomali togwira kachitsuloko. Tikakhala tatsopano tonyezimira pa galimoto ya zaka 50, funsani chifukwa chake. Onaninso ngati pali mzere wowotcherera kuzungulira pamene pali nambala, ngati manambala ena ndi aakulu kuposa anzake, kapena ngati penti ya pamenepo yokha ndi yokhuthala. Sikuti zonsezi ndi umbava ayi. Mphuno ya chasisi ya Land Rover imadyeka ndi dzimbiri ndipo anthu amaisintha moona mtima, nambala n'kupita ndi chitsulo chakalecho. Koma wogulitsa woona mtima amafotokoza yekha, ndipo amakhala ndi lisiti kapena kalata ya apolisi.

Musadabwe nambala ikakhala yaifupi. Nambala ya zilembo 17 imene tazolowera pa magalimoto a masiku ano inakhazikika cha m'ma 1980. Land Rover zambiri zakale zimakhala ndi manambala asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono, zina ndi chilembo kumapeto. Vuto limene limabuka apa ndi la kalaliki amene polemba anasandutsa chilembo B kukhala 8, kapena S kukhala 5. Cholakwika chotere chikonzedwe ku Road Traffic galimoto ikadali m'dzina la wogulitsa, inu musanapereke ndalama.

Nambala imathandizanso kudziwa chaka chenicheni. Series II inapangidwa kuyambira 1958, Series IIA kuyambira 1961, Series III kuyambira 1971 mpaka 1985. Anthu amasakaniza ziwalo za zitatuzi, moti galimoto ya nkhope ya pulasitiki ya Series III ikhoza kukhala pa chasisi ya IIA. Pa Beetle yopangidwa ku Germany kuyambira 1965, nambala yachitatu imaloza chaka: yoyamba ndi 118 ndi ya 1968. Chaka cholembedwa mu blue book kawirikawiri ndi chimene galimoto inalembetsedwa kuno, osati chimene inatuluka mu fakitale. Amene akufuna umboni wokwanira wa Land Rover angalembere ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene amasunga mabuku a fakitale ya ku Solihull. Mukatumiza nambala ya chasisi ndi kulipira, amapereka kalata yonena tsiku limene inapangidwa, mtundu wa penti yoyamba ndi kumene inatumizidwa. Kalatayo imanena za galimoto, sinena za mwini wake.

Nambala ya injini ikasiyana ndi ya mu blue book si zachilendo, chifukwa ambiri anachotsa injini yoyamba n'kuikamo ya dizilo ya ku Japan. Chofunika ndi lisiti ya injini yatsopanoyo, ndiponso kuti kusinthako kulembedwe ku Road Traffic. Kwa wosunga zakale, galimoto imene ikadali ndi injini yobadwa nayo ndi yamtengo wapatali, choncho ngati injini yakaleyo ili pakona pa galaja, igulireni limodzi ngakhale ndi yakufa.

Manambala akagwirizana, funso lotsatira ndi lakuti wogulitsayo ndi ndani kwa galimotoyi. Dzina la mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso chake cha unzika. Pa magalimoto akale apa ndi pamene pamagona nkhani, chifukwa mwini wake weniweni nthawi zambiri anatisiya, ndipo akugulitsa ndi mwana kapena mphwake. Makiyi ali m'manja mwake, blue book ali nayo, koma izi sizimupatsa mphamvu yogulitsa. Pemphani chikalata cha imfa ndi kalata yomupatsa udindo woyendetsa chuma cha masiye, yochokera ku khoti, kwa Administrator General kapena kwa DC malinga ndi kukula kwa chumacho. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu, ndipo wogula amene sanafunse akhoza kuona mayi wamasiye ndi ana ena akubwera kudzatenga galimoto imene waikonza kale ndi ndalama zambiri. Ndi ulemunso kwa banjalo kuti mayiwo amve nkhaniyo ndi makutu awo.

Ngati galimoto inali ya esiteti, ya mishoni kapena ya boma, funani lisiti ya okishoni kapena kalata ya chidindo yosainidwa ndi mkulu amene ali ndi mphamvu yogulitsa katundu. Ya bungwe imene inalowa yosalipira msonkho imafuna kalata ya MRA, apo ayi msonkhowo udzagwera inu. Yochokera ku South Africa, Zimbabwe kapena Zambia ikhale ndi kalata ya apolisi ya SARPCCO, bungwe la akuluakulu a polisi a maiko a kumwera kwa Africa, ndi mapepala a kasitomu a pa chipata chimene inalowera. Yochokera ku Britain imabwera ndi V5C, pepala la kumeneko lolembetsera galimoto, ndipo pepalalo lokha linalembedwa poyera kuti si umboni wa umwini, ndiye lisiti ya malonda ikhalepo. Ndi bwinonso kufufuza ku ofesi ya Registrar General ngati galimotoyo sinaikidwe chikole pa ngongole.

Galimoto imene inaimikidwa kalekale ikhoza kusapezeka mu MalTIS, kompyuta ya ku Road Traffic yosunga mbiri ya magalimoto. Pitani ku Road Traffic ndi nambala puleti ndi nambala ya chasisi mukafunse nokha, ndipo mupite limodzi ndi wogulitsa pa tsiku losintha umwini, aliyense ndi ziphaso zake. Madobadoba a pageti adzakulonjezani blue book yatsopano pofika madzulo; pepala lotuluka mwa njira imeneyo likhoza kuyenda zaka, n'kudzakanika tsiku limene mukugulitsa.

Kalata ya mgwirizano ilembedwe makope atatu, ndipo onse awiri musaine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri. Mukhale maina onse monga alili pa ziphaso, mtundu wa galimoto, penti, nambala puleti, nambala ya chasisi ndi ya injini, mtengo m'manambala ndi m'mawu, tsiku ndi ola limene makiyi aperekedwa, zowonongeka zimene wogulitsa waulula, ndi amene adzalipire ngongole zakale za galimotoyo ngati zilipo. Ola limathandiza pakabuka chindapusa kapena ngozi. Lembaninso zimene mita ikuwerenga, koma musazikhulupirire kwambiri: mita yakale ya manambala asanu ikafika 99,999 imayambiranso pa ziro, ndipo zambiri zimawerenga mamailosi, mailosi imodzi kukhala makilomita 1.6. Lipirani kudzera ku banki, ndipo gawo lina, mwina limodzi mwa magawo atatu, lidikire mpaka blue book ituluke m'dzina lanu. Kenako inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, isanaponde msewu.

Pali mzere umodzi umene ambiri amaiwala mu kalatayi: mndandanda wa mapepala akale amene akubwera ndi galimoto. Funsani mofatsa, chifukwa nthawi zambiri ali mu sutikesi pansi pa bedi ndipo eni ake sakuwaona ngati kanthu. Invoisi yoyamba ya kwa ogulitsa, buku la sevisi la zidindo, buku la malangizo a fakitale, madisiki akale a inshuwalansi, malisiti a ku galaja, kope limene dalaivala ankalembamo mafuta, zithunzi za pa ukwati kapena pa ulendo zoonetsa nambala puleti. Mapepalawa ndi amene amaulula ngati mita inazungulira kamodzi kapena kawiri, ndi chaka chimene injini inaphwasulidwa.

Pepala lakale limadziwika ndi zimene lanena. La mitengo ya mapaundi, mashilini ndi mapeni ndi la kwacha isanabwere mu 1971, ndiye lisiti ya makwacha ya deti ya 1966 ndi yokayikitsa. Dzina la Nyasaland linatha pa 6 July 1964, ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali cha 1953 mpaka 1963. Mudzaona Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje, Port Herald imene ndi Nsanje, Fort Johnston imene ndi Mangochi. Sisitani chala kuseri kwa pepala: taipilaita imasiya timabowo tomveka, pamene fotokope ndi yosalala. Pepala lokalamba lokha limafiira kwambiri m'mphepete ndi m'mapindo, pomwe loviikidwa mu tiyi limafiira mofanana paliponse.

Kusunga ndiye kumene anthu amawonongera ndi mtima wabwino. Musamate pepala lakale mu pulasitiki ya moto ija ya lamineshoni. Kutentha ndi guluu zimalowa mu pepala, sizichokanso, ndipo chidindo chake palibe angachiyesenso. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya banga la mafuta. Pepala long'ambika lisiyeni chomwecho, lilowetseni m'kathumba koonekera ka polyester kapena polypropylene. Ka PVC, kamene kamanunkha ngati mpira watsopano, kamamata inki. Chotsani mapini, masitepulo ndi timalabala: wongolani miyendo ya sitepulo kuseri ndi kampeni kobuntha, kenako muzule chakutsogolo, chifukwa dzimbiri lake limadya pepala. Tambasulani zopindidwa kamodzi, zikhale chogona, pepala loyera pakati pa lililonse ndi linzake. Ngati mukufuna kulembapo kanthu, lembani kuseri ndi pensulo yofewa ya 2B, osati bolopeni.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyontho cha November mpaka April, chiswe, mphemvu ndi makoswe. Thiranki yachitsulo yotseka bwino ndi yabwino, koma ikhale pa shelefu, masentimita 15 kapena kuposa kuchoka pansi, yosagunda khoma lakunja, ndipo isakhale kudenga pafupi ndi malata kumene kumatentha masana n'kuzizira usiku. Ikanimo timapaketi ta silika, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitsegula kamodzi pa mwezi nyengo ya mvula. Mukapeza tizilombo, musapopere mankhwala pa mapepala. Akulungeni mu jumbo yotseka mpweya, muwaike mu filiza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo potulutsa musatsegule jumboyo mpaka tsiku lotsatira, kuti mame agwere kunja kwa pulasitiki. Akanyowa ndi mvula, ayaleni pa thaulo mumthunzi mopita mphepo tsiku lomwelo, chifukwa nkhungu imayamba m'masiku awiri kapena atatu. Dzuwa limafufutitsa inki, ndipo simbi imaphika pepala.

Malisiti a masiku ano a pepala loterera a pa mashini amafufutika okha m'miyezi yochepa, choncho lisiti ya banki ndi ya ku Road Traffic zichitidwe fotokope sabata yomweyo. Mapepala onse akale asikanidwe mbali zonse ziwiri, a malemba pa 300 dpi (muyeso umene mumasankha pa makina osikanira), zithunzi pa 600, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka kuti zizisanjika zokha. Sungani malo awiri osiyana, kwina kukhale kunja kwa nyumba yanu.

Wofuna kudziwa zambiri za esiteti kapena kampani imene dzina lake lili pa invoisi angapite ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Ndipo ngati wogula wakunja akufuna galimoto kapena mapepala akale kwambiri, funsani kaye ku dipatimenti yoona za zinthu zakale, chifukwa lamulo la Monuments and Relics limafuna chilolezo potulutsa zinthu zina za mbiri ya dziko. M'galimoto muzingoyenda makope ndi mapepala amene apolisi apamsewu amafuna. Enieniwo atsale mu thiranki, popeza kabokosi ka pa dashibodi ya Land Rover kamalowa fumbi, ndipo mvula ikagwa madzi amadontha kuchokera pa galasi lakutsogolo.