Chithunzicho muziponya mukafika kunyumba

Achinyamata anzanga a kuno ku Ntcheu, ndikutsineni khutu. Kujambula jambulani, koma musamaponye zithunzizo pa WhatsApp pomwepo. Yambani mwafika kaye kunyumba.

Mwezi wathawu mphwanga anagulitsa matumba a kachewere pa Lizulu. Asanakwere n'komwe minibasi, anali atayala kale ndalamazo pantchafu, wajambula, waika pa status. Pofika kumudzi anapeza anthu atatu akumudikira pakhonde: wina wa ngongole yakalekale, wina akuti mwana wadwala, wachitatuyo sindinamve n'komwe chomwe ankafuna. Ndalama ya feteleza inathera pakhonde pomwepo.

Chithunzi cha paulendo nachonso chimauza akuba kuti kunyumba kulibe munthu.

Ngati chala chikukuyabwani ndithu, pa WhatsApp lowani pa Settings, Privacy, kenako Status, musankhe "Only share with", muikemo anthu ochepa amene mumawakhulupirira. Paja status imachoka yokha pakatha maola 24, koma amene watenga screenshot amakhala nayo mpaka kalekale. Koma uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money wokhawo musauike n'komwe. Mumakhala nambala ya foni ndi ndalama zimene zatsala, zomwe akathyali oimba mafoni aja amasakasaka.