Momwe mungadziwire mtengo wa njuga musanaponye ndalama

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, tauni ya Kasungu imasintha. Ndalama zimayenda, ndipo ena amakwera basi ya ku Lilongwe kukayesa mwayi ku kasino, pomwe ambiri amangoweramira pafoni n'kumaulutsa kandege ka masewera obetcha a Aviator. Mlimi yemweyo amene salola vendala kumubera pasikelo ngakhale kilo imodzi, akafika pa njuga safunsa mtengo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mtengowo ulipo ndipo kuuwerengera sikufuna sukulu yapamwamba.

Choyamba, siyanitsani mwayi wopambana ndi ndalama yomwe akulipirani. Tengani gudumu la roulette, lomwe amalizunguliza n'kuponyamo kampira. Lili ndi timabowo 37: manambala 1 mpaka 36, theka ofiira theka akuda, kuphatikizapo ziro. Mukaika K1,000 pa nambala imodzi n'kuwina, amakupatsani K35,000 ndi kukubwezerani K1,000 yanu ija. Tsono yerekezani kuti mwaponya ka 37. Mwatulutsa K37,000. Nambala yanu, tikatengera masamu, ibwera kamodzi, ndipo mulandira K36,000. K1,000 yotsalayo ndi ya eni kasino. Ndiwo mtengo wake: 2.7 peresenti ya ndalama iliyonse yoikidwa patebulo. Kubetcha pa chofiira kapena chakuda sikuchepetsa mtengowu, poti kampira kakagwera pa ziro, wa chofiira ndi wa chakuda onse adyedwa.

Musanakhale pansi, suzumirani gudumulo. Lina limakhala ndi ziro ziwiri, 0 ndi 00, timabowo 38, koma malipiro ndi omwe aja. Pamenepo mtengo umakwera kufika 5.26 peresenti. Mukaliona, pitirirani.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, peresenti ija sidya ndalama yomwe mwabwera nayo yokha, imadya ndalama yonse imene yadutsa patebulo. Mwalowa ndi K50,000, mukuika K5,000 ulendo uliwonse. Tinene kuti gudumu likuzungulira ka 40 pa ola, ndipo mwakhala maola 3. Mwaponya ka 120. Powina apa n'kubwezeranso patebulo, ndalama yomwe mwabetcha yonse yakwana K600,000, ngakhale simunaigwirepo m'manja. Tengani 2.7 peresenti ya K600,000, mupeza K16,200. Pagudumu la ziro ziwiri ndi pafupifupi K31,600. Usiku wina mutuluka ndi phindu, usiku wina opanda ndi ya kabaza yomwe, koma mukamabwerabwera, zotayika zanu zimayandikira nambala imeneyi. Choncho chulukitsani zinthu zitatu musanachoke pakhomo: ndalama ya ulendo umodzi, maulendo onse, ndi peresenti ya kasino. Yankho lake mulifanizire ndi mtengo wa thumba la chimanga kapena fizi ya mwana, muone ngati chisangalalo cha usikuwo chikuyenera ndalama imeneyo.

Chachitatu, sankhani masewera potengera mtengo. Blackjack, njuga ya makhadi, kwa munthu amene waloweza nthawi yotenga khadi ndi nthawi yoima, imadya pafupifupi theka la peresenti imodzi, malinga ndi malamulo a patebulo. Wosewera mongoganizira amadyedwa zambiri. Pa baccarat, njuga inanso ya makhadi, kubetcha mbali ya Banker ndi 1.06 peresenti, Player 1.24, koma Tie, kufanana mphamvu kwa mbali ziwirizi, imapitirira 14. Makina obonya aja sakulemberani mtengo pamaso, ndipo amathamanga kwambiri, ndiye ndalama imadutsamo kambirimbiri pa ola.

Kandege nakonso kali m'gulu lothamanga. Kampani yomwe inapanga Aviator, Spribe, imati masewerawa amabweza 97 peresenti. Ndiye kuti mwayi woti kandege kafike pa 2x, pomwe ndalama yanu imawirikiza kawiri, kasanathawe ndi pafupifupi 48.5 pa 100, ndipo pa 10x sukwana 10 pa 100. Kutuluka msanga kapena mochedwa sikusintha 3 peresenti ija. Anyamata ogulitsa “ma signal” pa WhatsApp akanakhala kuti amadziwa pomwe kandege kathawire, sakanalimbana ndi K2,000 yanu.

Chachinayi ndi cha okonda matikiti a mpira. Gawani 100 ndi odi iliyonse, nambala yomwe amachulukitsa nayo ndalama yanu mukawina. Tiyerekeze kuti Bullets yapatsidwa 1.80, kufanana mphamvu 3.40, timu inayo 4.50. Mupeza 55.6, 29.4 ndi 22.2. Kuphatikiza ndi 107.2, pomwe zinthu zitatuzi zimayenera kukwana 100 basi. Zoonjezerazo ndi phindu la kampani. Kubetcha kumakhala kwaphindu pokhapokha mukakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti Bullets ipambana masewera otere koposa ka 56 pa 100, osati chifukwa ndi timu ya kumtima. Mukalumikiza magemu 10 otere patikiti imodzi, phindu la kampani limaunjikana, mwakuti pa K1,000 iliyonse yobetchedwa, yobwerera kwa obetcha imatsala pafupifupi K500.

Chachisanu, musakhulupirire kuti gudumu limakumbukira. Pa 18 August 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira kanagwera pa chakuda ka 26 motsatizana. Anthu anathira ndalama zankhaninkhani pa chofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Ulendo uliwonse mwayi wa chofiira unali womwewo, 18 pa 37.

Maganizo omwewa ndi amene amabala njira yowirikiza ndalama ukadyedwa. Ndinamuona mnzanga wina akuichita pafoni, titakhala pakhonde la golosale pafupi ndi depoti. Anayamba ndi K1,000, kenako K2,000, K4,000, chala chikunjenjemera, akusamutsa ndalama za soya kuchoka ku Mpamba. Munthu akadyedwa ka 7 motsatizana motere, watayapo K127,000, ndipo ulendo wotsatira afunika K128,000 kuti apindule K1,000 yokha. Mnzangayo sanafike n'komwe pamenepo. Ndalama inatha pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, ndipo m'mawa mwake anali pakhomo pa wakatapila.

Chomaliza, khalani ndi kope. Lembani tsiku, ndalama yomwe mwalowetsa ndi yomwe mwatulutsa, osadumpha tsiku loipa, chifukwa mutu umasunga tsiku lowina lokha. Ndalama ya njuga ipatuleni muli kunyumba, ikhale yoti ikapita banja ligona litadya. Khadi la kubanki lisiyeni, ndipo ikani alamu pafoni ya nthawi yonyamuka. Onetsetsaninso kuti malowo ali ndi chiphaso cha Malawi Gaming and Lotteries Authority, bungwe loyang'anira njuga m'dziko muno, komanso kuti mwana wosakwana zaka 18 asagwire foni yanu yobetchera. Pakatha miyezi itatu, phatikizani zonse za m'kope muja, ndipo muwerengere limodzi ndi akunyumba kwanu.