Kugula diresi ya ukwati pa intaneti, yosokedwa pa muyezo wanu

Mwafunsa za kupeza diresi yotsika mtengo kwa ogulitsa a pa intaneti. Khalani ndi tepi yoyezera, nsapato zimene mudzavale, telala wodalirika, komanso miyezi inayi ukwati usanafike.

1. Onani zithunzi zimene ogula ena anaika, osati za wogulitsa zokha.
2. Telala akuyezeni pachifuwa, m'chiuno, m'mahipi ndi kutalika, mutavala nsapatozo.
3. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: funsani wogulitsa ngati akufuna mainchi kapena masentimita. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mukasokoneza, dziwani kuti diresi yosokedwa pa muyezo ogulitsa ambiri salola kubweza.
4. Wonkhetsani mtengo, ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA.
5. Lipirani kudzera pa webusaiti, osati pa WhatsApp.
6. Diresi ikafika iyeseni tsiku lomwelo, telala akonze popanikiza.