Mmene mkaidi ku America angasumire oyang'anira ndende kukhoti la feduro

Mkaidi wa m'ndende ya chigawo ku United States amene akumanidwa chithandizo cha mankhwala, kumenyedwa kapena kusungidwa m'chipinda chauve ali ndi ufulu wosuma kukhoti la feduro (khoti la boma la dziko lonse, osati la chigawo) pogwiritsa ntchito lamulo lotchedwa Section 1983. Chomvetsa chisoni n'chakuti milandu yambiri yotere imathetsedwa nkhani yeniyeni isanamveke n'komwe, chifukwa choti ndondomeko sinatsatidwe.

Musathamangire kukhoti. Lamulo la Prison Litigation Reform Act la 1996 limafuna kuti muyambe mwadandaula m'ndende momwemo ndi kuchita apilo mpaka pomaliza penipeni. Mu 2006, pa mlandu wa Woodford v. Ngo, Khoti Lalikulu la dziko lonse la America linagamula kuti dandaulo loperekedwa mochedwa silikwaniritsa lamuloli, choncho masiku amene ndende yaika, ngakhale achepe bwanji, ayenera kulemekezedwa. Sungani kope la fomu iliyonse ndi yankho lililonse, ndipo lembani tsiku limene mwapereka. Ngati alonda akukanizani fomu kapena akuopsezani, lembaninso zimenezo, pakuti mu 2016, pa mlandu wa Ross v. Blake, khotilo linati mkaidi ayenera kutsata njira zokhazo zimene angathedi kuzigwiritsa ntchito.

Polemba chisumo chanu, tchulani munthu aliyense ndi zimene iye mwini anachita, chifukwa boma la chigawo lenilenilo silisumidwa pansi pa lamuloli. Kuonetsa kuti panali kusasamala chabe sikukwanira. Malinga ndi chigamulo cha Farmer v. Brennan cha 1994, pa nkhani za thanzi ndi chitetezo chanu muyenera kuonetsa kuti wogwira ntchitoyo ankadziwa kuti muli pangozi yaikulu koma ananyalanyaza. Madandaulo amene munasunga aja amathandizanso pano, popeza ndiwo umboni woti anauzidwa.

Ngakhale wosauka sakhululukidwa ndalama yotsegulira mlandu, yomwe kwa iye ndi madola 350: khoti limamulola kulipira pang'onopang'ono, ndende n'kumadula 20 peresenti ya ndalama zolowa mu akaunti yake mwezi uliwonse. Kwa ine umenewu ndi mtolo wolemera kwa munthu wopeza tindalama tochepa, komabe ndilo lamulo. Milandu yanu itatu ikathetsedwa kuti njopanda maziko, mwayi wolipira pang'onopang'ono umatha, pokhapokha ngati muli pangozi yovulala kwambiri posachedwa.

Malire a nthawi yoti mukhale mutasuma amasiyana malinga ndi chigawo: ku Tennessee ndi chaka chimodzi, pamene ku New York ndi zaka zitatu.