Manotsi a kiyibodi akamalowa mochedwa mu pulogalamu

Ndikamaimba kiyibodi yolumikizidwa ku pulogalamu yolemba nyimbo pa kompyuta, motsatira metronome (kachipangizo kogunda beat), manotsi ankagwera kumbuyo kwa beat, pepala n'kudzaza timarest (tizizindikiro topumira) tosafunika. Ndinasintha chingwe cha USB, n'kutseka mapulogalamu ena, koma ayi ndithu. MIDI, njira yotumizira manotsi kuchokera ku kiyibodi kupita m'kompyuta, payokha sichedwa kwenikweni. Chochedwa ndi mawu otuluka m'kompyuta, ndiye zala zimatsatira zimene khutu lamva mochedwa.

Ndinayamba n'kuchotsa mahedifoni a Bluetooth, n'kulumikiza a waya. Kenako ndinaika ASIO4ALL, pulogalamu yoyendetsa mawu m'kompyuta yomwe ndi yaulere, n'kuisankha pa audio device. Nkhani yagona pa buffer, kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu (ma sample) timene kompyuta imasonkhanitsa isanatitulutse: pa 44.1 kHz (ma sample 44,100 pa sekondi), ma sample 1024 amachedwetsa mawu ndi 23 ms (mamilisekondi), pomwe 128 ndi 3 ms basi. Pa 128 mawu ankathetheka ngati mafuta m'chiwaya, choncho ndinakhazikika pa 256, pafupifupi 6 ms. Quantize, yomwe imakankhira manotsi pa malo ake mu beat, ndinaika pa 1/8, tempo n'kuitsitsako pojambula.